Beseni la Bambo Yulio

Ine si munthu woyendayenda. Zaka zanga zapitirira makumi anayi, koma kutali kwanga kunali pa Boma pa Dedza, ndi ku Lilongwe kawiri basi, kuperekeza odwala. Ndiye ulendo wa ku Limbe uwu ndimaukumbuka wonse, siteji ndi siteji, ngakhale pali malo ena amene ndikanakonda nditawaiwala. Ndinapita ndi beseni la mchenga pamiyendo. Anthu ankandiseka njira yonse. Sindiwada, sankadziwa.

Ndiyambe ndi besenilo, apo ayi simundimva.

Dzina langa ndi Damiano. Ndimalima dimba la ansembe pa mishoni ya kwathu, cha ku Lobi: kabichi, anyezi, kachewere, zomwezo. Amene anandilemba ntchito ndi Bambo Yulio. Iwowo asanabwere kuno anakhalako ku dziko lina lotchedwa Mekisiko, kumapiri, ndipo pochoka kumeneko nkhalamba ina inawapatsa njere m'kabokosi ka machesi. Chomera chake ankachitcha peyote. Ankati ndi m'bale wake wa kaloga, koma ichi minga chilibe. Chimangokhala pamchenga phwatalala, chotuwa, ngati tomato wosapsa amene wina wamuponda pang'ono, ndi timaubweya toyera pamwamba. Pansi pali muzu ngati karoti.

Kasamalidwe kake kanali kachilendo m'manja mwanga. Ife a madimba chilichonse timathirira. Ichi ukachithirira kwambiri chimaola. Bambo anandiphunzitsa kusakaniza mchenga wa kumtsinje ndi njerwa zoswa ndi makoko a mazira, manyowa ayi ngakhale pang'ono. Beseni analiboola pansi ndi msomali, n'kuliika pakhonde lowomba dzuwa, kuseri kwa galasi lakale la windo, poti nkhungu ya kwathu ya mu Juni imalowa mpaka m'mafupa. Nyengo yozizira yonse osathirira ngakhale dontho. Kukatentha kapu imodzi, basi dikira mchenga uume mpaka pansi. Ndipo kakulidwe kake, abale, n'kaulesi. Nditayamba ntchito timitu take tinali ngati nandolo. Mwana wanga Pasikale anabadwa, anakwawa, analowa sukulu, anamera ndevu, koma mutu waukulu kwambiri m'besenimo unali usanadzaze chikhatho changa.

Tsiku lina ndinawafunsa. "Bambo, chinthu choti ndiwo si ndiwo, mthunzi chilibe, pamsika sichipita, ntchito yake n'chiyani?"

Anaseka, n'kundikhazika pansi. Anati kumene anachitengako anthu amachilemekeza monga ife tilemekezera guwa. Amayenda masiku ambiri wapansi kukachifuna kuchipululu, ndipo asanachithyole aliyense amaulula machimo ake pamaso pa anzake. Akadya chimawawa koopsa, amasanza, kenako amaona mitundu ya kuwala imene ife sitiidziwa, amamva mawu, amati amalankhula ndi milungu yawo, ndi akufa awo, ndi abale amene ali kutali.

"Kwa iwo si mowa, Damiano, ndi pemphero. Koma iwe ntchito yako ndi kuchisunga. Osachikhudza ndi mpeni."

Ine ndi pakamwa pangapa ndinakafotokozera akazi anga a Nangozo tikudya, ngati nkhani yoseketsa. Anaseka, ine n'kuiwala. Iwo sanaiwale.

Kenako nkhondo inakula tsidya la ku Mozambiki. Kwathu malire ali pafupi, anthu ankawoloka tsiku ndi tsiku. Pasikale ndinamutuma ndine, akasinthanitse mchere ndi mbewu ya nyemba kwa mnzanga wina tsidyalo. Ulendo wopita m'mawa n'kubwerako masana. Tsikulo amuna a mfuti anatulukira pamudzipo n'kutenga anyamata kuti awanyamulire katundu. Ena anabwerako patapita milungu. Pasikale sanabwere. Chaka chinatha, maliro osalira, munthu osamuona.

"Abambo a Pasikale, tiyeni tikaombeze," anatero a Nangozo.

"Tikaponda kwa sing'anga atiletsa kulandira Ukalistia kutchalitchi. Mukudziwa."

Panapita miyezi ingapo. Bambo Yulio atadwala n'kutengedwa kupita ku chipatala cha mishoni kupitirira Limbe, m'pamene a Nangozo anabwereranso ndi nkhaniyi, koma kudzera njira ina.

"Nanga chija cha pakhonde la Bambo? Chija si cha sing'anga. Chamera pa mishoni, wobzala ndi wansembe. Tchimo lake lingachokere kuti?"

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 3. Ndinaganiza masiku atatu, osapeza poyankhira. Kapena ndinene zoona: sindinafune kupapeza, chifukwa nanenso ndinkafuna kudziwa. Loweruka lina mu Okutobala ndinatenga mpeni wanga womezanitsira mapichesi n'kudula mitu ikuluikulu yonse, kusiya timating'ono.

A Nangozo anadyera kudimba kwathu, dzuwa lili pamutu, ine ndili pambali. Anasanza mpaka ndinaopa. Kenako anayamba kuseka, akuti masamba a chimanga akuyaka ngati magalasi a m'tchalitchi. Kenako zii. Anangoyang'ana tsidya la kamtsinje nthawi yaitali, misozi ikutsika. Akuti anamuona Pasikale ataima, zovala zili zonyowa, kudzanja lina kuli malemu amayi awo, kwinaku malemu malume awo. Sanalankhule. Anangoima pakati pa akufa.

M'mawa mwake anameta tsitsi. Kuchokera tsikulo chakudya anachikana, kaya sipuni ziwiri za phala, nazonso mochita kuwakakamiza. Kuchipatala anapima, matenda osawapeza. Pofika Disembala mikono inali ngati mipini ya makasu. Ndinawauza kuti mwina anali maloto chabe. Anati, "Inu mukudziwapo chiyani? Eni ake a chomera ndi Bambo Yulio. Akanena iwowo kuti zimene ndinaona si zoona, ndidzamva. Wina aliyense ayi."

Sabata yomweyo kalata inafika kwa asisteri. Bambo sadzabwereranso kwathu, ndipo akupempha kuti Damiano awabweretsere beseni lawo, alione. Asisteri anandipatsa ya basi ndi kalata ya chidindo. Mwaona pamene ndinali? Kuti akazi anga akhale moyo ndinayenera kukafunsa Bambo. Kuti ndiwafunse ndinayenera kuwauza kuti ndinawabera chinthu chimene anachilera zaka zoposa makumi awiri. Koma mtima wa munthu ndi wopusa. Ndinakwirira zitsa zodulidwazo ndi mchenga, n'kukonza bodza loti makoswe anadya. Funsolo ndinkati ndidzalizembetsa chammbali, ngati ndikufunsira munthu wina.

Ndinanyamuka Lachiwiri m'mamawa. A Nangozo anali gone pamphasa pakhonde, mwana wathu wamkazi akuwapukuta kumaso.

"Mukafunse bwinobwino," anatero. "Musakachite manyazi."

Kuchokera ku Lobi ndinakwera lole ya kachewere yopita ku Chimbiya. Tinakhala pamwamba pa matumba anthu ngati khumi. Tisanayende kutali mvula inayamba, ija yamadontho akuluakulu. Ndinavula jekete n'kufunditsa beseni, ine n'kutsala ndi malaya okha. Pa kamtsinje kena kopanda mlatho lole inatitimira mpaka matayala osaoneka. Amuna onse anatsika kukakankha. Ine ndinaima pansi pa mtengo wa mango, beseni lili pachifuwa.

"Inu madala a beseni!" anakuwa dalaivala. "Muli mwana wakhanda m'menemo?"

"Muli katundu wa ansembe."

"Ansembe amadya mchenga masiku ano? Taikani pansi mutithandize!"

"Akaika pansi akaphonya kumwamba," wina anatero ali m'matope mpaka m'maondo, onse n'kuseka.

Sindinakankhe. Anadula nthambi, anatsitsa matumba theka, anakweza, anatsitsanso. Tinachoka pamenepo dzuwa litakwera, ndipo palibe anandilankhulanso mpaka ku Chimbiya. Basi ya m'mawa inali itadutsa kalekale.

Pa Chimbiya ndinakhala pakhonde la sitolo ya telala, kudikira. Achinyamata a chipani anabwera kudzaona makadi a umembala. Yanga inali m'thumba la jekete lija, itanyowa, inki itayenderera. Mmodzi anaitembenuzatembenuza.

"Imeneyi ndi khadi kapena chigamba?"

"Mvula, achimwene. Chaka chake chikuoneka apa."

Anayang'ana beseni, anandiyang'ana ine ndikunjenjemera ndi malaya onyowa, n'kundibwezera. Telala anandimvera chisoni, anandisitira khadiyo ndi simbi ya makala mpaka inauma gwa. Ndinagula chimanga chootcha chimodzi, koma nditaluma kawiri ndinakumbuka amene ndawasiya pamphasa, n'kuchisiya.

Basi inafika cha m'ma 3 koloko, yodzaza mpaka pakhomo. Kondakitala anati beseni likwere pamwamba pamodzi ndi njinga ndi matumba. Ndinamuonetsa kalata ya asisteri. Sindikhulupirira kuti anaiwerenga, koma chidindo anachiona. "Lowani, koma mukathira munthu mchenga mutsika." Ndinaima mpaka pa Dedza, mwendo umodzi uli pa thumba la nyemba la munthu, beseni lili pamutu ngati mayi wochokera kumadzi. Pa Dedza anthu anatsika ambiri, ndinapeza mpando wa pawindo, dzanja lamanja.

Ndikanadziwa ndikanakhala kumanzere. Kuchokera pa Dedza kumka ku Lizulu msewu umatsata malire enieniwo. Kudzanja lamanja ndi Mozambiki: masitolo opanda madenga, makoma akuda ndi utsi, udzu utamera m'mawindo. Kumanzere tinyumba ta anthu othawa nkhondo, tothithikana ngati bowa. M'basi monse phokoso linatsika. Masiku amenewo nkhani zotere sunkayamba ndi munthu wosamudziwa. Ine maso anali pa mnyamata aliyense woyenda m'mbali mwa msewu. Wina wa malaya ofiira ndinachita kutembenuka naye khosi mpaka anazimiririka. Sanali iye. Mayendedwe okha.

Pa Lizulu panakwera mayi wina wonenepa, wamkulu kwa ine, ndi dengu la kabichi ndi botolo la madzi lokulunga m'nsalu. Anadzigwetsa pambali panga mpando n'kulira.

"Ndine Nachisale, ndikupita ku Zomba kukaona chidzukulu. Inu bambo, chimene mwafungatira ngati mkazi wachiwirichi n'chiyani?"

Ndinavundukula pang'ono. Anaona timitu ting'onoting'ono tija, ndi mchenga wotumphuka pamene ndinakwirira.

"Nanga apa?"

"Panali zikuluzikulu. Makoswe anadya."

Kanali koyamba kulitulutsa pakamwa bodzalo. Linatuluka mosavuta, ngati mpeni wolowa m'papaya, ndipo chimenecho n'chimene chinandiopsa. A Nachisale anawomba m'manja.

"Makoswe a chaka chino! Kwanga anadya sopo, anadya kandulo, anadya mpaka buku la nyimbo, anasiya chikuto chokha. Pezani mphaka wamkazi, bambo. Wamphongo ndi waulesi ngati mwini nyumba."

Anandipepesa njira yonse mpaka ku Ntcheu, ine ndikungogwedeza mutu. Kupepesedwa pa chinthu chimene wachita wekha kumawawa kuposa kutukwanidwa.

Titadutsa Ntcheu n'kutsikira kuchigwa, kunja kunasintha. Kumeneko mvula inali isanagwe, kutentha ngati m'uvuni wa njerwa. Tisanafike pa Balaka basi inayamba kufuka nthunzi kutsogolo, n'kuima. Dalaivala anatsegula, anatukwana, anati paipi ya madzi yang'ambika. Anaimanga ndi mphira wa chubu cha njinga, n'kupempha amuna kuti akatunge madzi pa mjigo wa mudzi wina chapatali. Manyazi a m'mawa aja anali akadali nane. Ndinati ulendo uno ndithandize.

"Mayi, mundigwirireko. Musaliike padzuwa, musaligwedeze."

"Pitani, ndalera ana asanu ndi atatu."

Chimodzi chokha ndinaiwala kunena. Titabwerako ndi zidebe, ndinapeza botolo lawo lija lili pululu, pansi pa beseni pakudontha.

"Tinthu tanuti tinali kufa ndi ludzu," anatero mokondwa. "Mchenga unali gwa! Amuna inu simudziwa kusamala."

Ine sindinakalipirepo mayi wamkulu chibadwire, koma tsiku limenelo ndinakuwa mpaka basi yonse inatembenuka. Mawu amene ndinanena sindiwabwereza. Madzi pa chilonda cha chomera chimenechi ndiye kuola kumene. Ndinatsika, ndinapendeketsa beseni, ndinakokolola mchenga wonyowa ndi manja, ndinakapempha wouma pansi pa nkhokwe ya munthu. Pobwerera ndinapeza a Nachisale atayang'ana kumbali, milomo ili tu.

"Madzi anga akumwa ndataya, malipiro ake ndi amenewa."

Ndinapepesa. Ndinakhala pansi n'kumaganiza kuti mayiyu walakwa chifukwa chofuna kuthandiza, osadziwa. Nanga ine, amene ndinauzidwa ndi pakamwa kuti osakhudza? Ndinali kumukalipira ndani kwenikweni?

Basi inakwawa mpaka pa Balaka, n'kugona pomwepo kudikira paipi ina. Tinagona m'mipando. Za usikuwo palibe chonena, udzudzu basi.

Paipi inabwera Lachitatu cha m'ma 9. Pa Liwonde, tisanawoloke mlatho, panali apolisi. Aliyense atsike ndi katundu wake, aime pamzere. Ankafuna chamba ndi zida zochokera kunkhondo. Amene anafika kwa ine anali wapolisi wamtali, wodekha. Anawerenga kalata yonse, iyeyu anawerengadi, kenako anatenga bolopeni n'kuyamba kufukula mchenga.

"Chonde bwana, pang'onopang'ono. Muli mizu."

"Chimasutidwa?"

"Ayi bwana."

"Chimadyedwa?"

"Ndi maluwa a Bambo."

Bolopeni inagunda chitsa choyamba. Anauzira mchenga, chitsacho chinaonekera, chosalala ngati ndalama. Anafukula chachiwiri, chachitatu.

"Apa panali chiyani?"

"Makoswe anadya, bwana."

Anandiyang'ana, anayang'ananso chitsa. Sanakwiye, anangomwetulira.

"Bambo, ine ndinakulira pa fodya ndi mbatata. Khoswe amasiya mano. Makoswe akwanu amayenda ndi mpeni, n'kunola komwe?" Anaitana mnzake. "Taona makoswe a ku Dedza, amadula molunjika kuposa kalipentala."

Anaseka awiriwo, anandibwezera kalata. "Zanu ndi abwana anu zimenezo. Pitani."

A Nachisale anali kumbuyo kwanga pamzere, anamva zonse. Titakhala pansi basi n'kuwoloka Shire, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye ine ndinataya malangizo anga a mphaka pachabe."

Sindikudziwa chinandigwira. Mwina kutopa, mwina poti munthu woti simudzaonananso savuta kumuuza. Ndinawauza zonse, motsitsa mawu, pakamwa pali pafupi ndi khutu lawo: za Pasikale, za mchere, za mpeni, za tsitsi lometedwa. Injini ikulira pokwera mapiri a ku Machinga, ine ndikulankhula. Sanandidule ngakhale kamodzi, mayi wolongolola ngati ameneyo. Nditamaliza anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Mwamuna wopusa inu," anatero, koma mofatsa. "Ndiye mukukafunsa wansembe ngati mkazi wanu anaona zoona."

"Eya."

"Akakati si zoona, chabwino, adya. Nanga akakati ndi zoona? Mukamuuza?"

Ndinene mosabisa, funso limenelo linali lisanandifikepo. Masiku onsewo ndinkangoopa nkhope ya Bambo poona zitsa. Yankho lawo ndinkaliyesa lodziwikiratu. Wansembe anganene bwanji kuti chomera chimaonetsa akufa? Koma ndinakumbuka mmene ankafotokozera za anthu a kumapiri aja, mopanda kuwanyoza ngakhale pang'ono.

A Nachisale anatsika pa Zomba. Anandisiyira kabichi mmodzi, kaya ndikatani naye, n'kunena pawindo kuti, "Mukawauze mayiwo kuti Nachisale wa ku Lizulu akuti adye."

Zomba mpaka Limbe sindinaone kanthu, ndinkangoyang'ana mchenga. Pa Limbe ndinasochera kawiri pofuna siteji, magalimoto ali mbwee, mpaka bambo wina wogulitsa malasha anandilozera galimoto ya chipatala imene inabwera kudzatenga mankhwala. Dalaivala ataona chidindo anandikweza kumbuyo.

Bambo Yulio ndinawapeza pakhonde la wodi, pa mpando wa matayala, bulangeti lili m'miyendo dzuwa likuswa mtengo. Munthu uja wamapewa anali atatha ngati chimanga chofumbwa. Koma maso anali omwe aja.

"Damiano! Wabwera nawo ana anga."

Ndinaika beseni pamiyendo pawo. Anayendetsa zala pamchenga, anapeza timitu tating'ono, anamwetulira. Kenako zala zinafika pa zitsa, zinaima. Ine ndinagwada pasimenti.

"Bambo, ndinadula ndine."

Ndinanena zonse, kachiwiri tsiku limodzi. Anamvetsera maso ali otseka.

"Ziwiri izi zalowa madzi, ziola," anatero. "Zinazi mwina zidzaphuka, ine kulibe. Usalire za chomera. Ndinalakwa ndine kukuuza nkhani ija ngati nthano, osaganiza kuti tsiku lina udzakhala ndi chisoni chotere. A Nangozo ali bwanji?"

"Akutha, Bambo. Akuti amva inu nokha. Zimene anaonazo, n'zoona kapena ayi?"

Anatsegula maso.

"Sindikudziwa, Damiano."

"Bambo?"

"Ine sindinadyepo. Zaka zonsezi ndinkangochiyang'ana. Nkhalamba imene inandipatsa njere inkati imalankhula ndi malemu amayi ake. Ine ndili mnyamata ndinaiuza kuti ndi maloto a mankhwala. Inandiseka, n'kundipatsa njerezo kuti ndikaganize bwino. Ndaganiza mpaka lero. Madokotala amati chimasokoneza ubongo, munthu amaona zimene zili kale mumtima mwake. Mwina ndi choncho. Koma kuti ndilumbire kuti mkazi wako sanaone kanthu, sindingathe. Kuti ndinene kuti Pasikale wafa, sindingathenso."

"Ndiye ndikawauze chiyani? Sabata ziwiri sakwanitsa, Bambo."

"Ukawauze zimene ndakuuza. Kuti sindikudziwa, ndipo kuti ndikuwapempha adye. Usawonjezere."

Anandiika dzanja pamutu, anandikhululukira machimo anga pomwepo pakhonde, anamwino akudutsa ndi mabeseni awo. Ndinadzuka wopepuka ngati ndatula thumba la chimanga. Kupepuka kumeneko kunatha ndisanafike ndi pa Limbe pomwe.

Pobwerera basi sinawonongeke, sinachedwe, ngati ikuchita dala. Beseni ndinalisiya kwa Bambo, miyendo inali yopanda kanthu, manja ndinasowa powaika. Njira yonse ndinkayeseza mawu. "Bambo akuti sakudziwa." Ndinkawanena pa Zomba, pa Balaka, pa Ntcheu, ndipo paliponse ndinkawaona a Nangozo akutembenukira kukhoma. Ndimawadziwa, takhala limodzi zaka zambiri. Kwa iwo "sindikudziwa" wa wansembe akanamveka ngati ulemu wa munthu woopa kunena za maliro.

Ndinafika kwathu Lachisanu dzuwa likupendeka. A Nangozo anali pamphasa pomwe paja. Sanandifunse za ulendo.

"Mwawapeza?"

"Ndawapeza."

"Ati bwanji?"

Ndinakhala pansi, ndinavula nsapato, ndinaziika pambali bwinobwino. Kenako pakamwa panatseguka.

"Akuti si zoona. Akuti chija chimangotenga zimene munthu ukuopa n'kukuonetsa. Akuti kwawoko anthu ambiri anaonapo abale awo pakati pa akufa, kenako abalewo n'kubwera amoyo."

Anadzutsa mutu. "Anatero Bambo Yulio?"

"Anatero."

"Ndi pakamwa pawo?"

"Ndi pakamwa pawo."

Anandiyang'anitsitsa, ine osaphethira. Kenako anaitana mwana wathu. "Agnesi, takoleza moto. Phala likhale lamadzimadzi, uthire tinsinjiro."

Bambo Yulio anamwalira Pasaka asanafike, ndiye wonditsutsa palibe. Papita zaka ziwiri tsopano. A Nangozo thupi linabwerera, tsitsi linamera, amalima kuposa ine. Chaka chilichonse amapatula mbewu ya nyemba m'chitini, akuti ya munda wa Pasikale, ndipo akamva kuti kwabwera anthu atsopano ochokera tsidya amavala nsalu yabwino n'kupita kukawayang'ana kumaso. Pasikale sanabwere. Kaya ali moyo, kaya anaimadi pakati pa agogo ake, ine sindidziwa, monganso Bambo sankadziwa.

Kukalapa ndimafuna. Kawiri ndafika mpaka pakhomo. Koma ndikudziwa chimene wansembe watsopanoyu adzanene: bodza loikidwa m'kamwa mwa munthu wakufa, kalikonze kwa amene unamunamiza. Ndipo ine sindingakonze. Ndikayesa kumva chisoni kuti ndinanama, ndimawaona a Nangozo akudya, chisonicho osabwera. Kulapa kopanda chisoni si kulapa, zimenezo ngakhale wa Sitandade 3 amadziwa.

Ndiye Lamulungu lililonse ine ndi a Nangozo timakhala benchi imodzi kumbuyo m'tchalitchi, poti masiku ano iwo amafuna tizikhala limodzi. Ikafika nthawi yolandira amandigwira pamkono, "Tiyeni." Ine ndimati mtima sunakonzeke. Amapukusa mutu, amanyamuka, ine ndimapinda miyendo kuti adutse.